Phunziro 17: Kangaude Wobisala pa Khungwa

1. Ukonde umene unasowa

M'mudzi wina wa m'mbali mwa nyanja ya Amaramba munali mtsikana wa kalasi yacinayi amene ankakhala ndi agogo ake. Agogo aamunawo anali msodzi. Tsiku lina m'mwezi wa Febuluwale, dzuwa lili pafupi kulowa, anamutuma kudooko kukatenga nkhafi imene anaiwala m'bwato.

Njira ya kudooko imadutsa pakati pa mitengo iwiri, mkuyu ndi mthethe. Popita mtsikanayo sanaone kanthu. Kudooko anacedwa cifukwa azakhali ake anamupempha kuti awathandize kuola matemba pathandala. Pobwerera mdima unali utagwa, ndipo azakhaliwo anamubwereka nyali. Atafika pa mitengo ija anaima cilili. Pamwamba pa njira panali ukonde wa kangaude waukulu kuposa maukonde onse amene iye anawaonapo. Unali wozungulira ngati gudumu la njinga, koma waukulu kuposa gudumulo. Pakati pake panali kangaude wotuwa, ali cozondoka.

M'mawa mwake anauza anzake kusukulu. Pa nthawi yopuma ana asanu anamutsatira kuti akaone okha. Atafika pa mitengo ija sanapeze ukonde. Panali ulusi umodzi wokha m'mwamba, wocokera pa mkuyu kukafika pa mthethe.

"Ukonde wako uja uli kuti?" anafunsa mnyamata wina. "Unalota iwe!"

Onse anaseka, ndipo tsiku lonse ankamuitana kuti Nabodza.

Mtsikanayo anafika kunyumba ali ndwii. Anapeza agogo pakhonde akusoka ukonde wawo.

"Watani mdzukulu wanga? Wadwala?"

"Iyayi agogo. Anzanga akuti ndine wabodza." Ndipo anawafotokozera zonse.

Agogo anamwetulira. "Sunaname ai. Ameneyo ndi msodzi mnzanga. Kodi ine ukonde wanga ndimachera nthawi yanji?"

"Madzulo, agogo."

"Nanga ndimavuula nthawi yanji?"

"M'bandakuca."

"Iyenso amatero. Anzakowo apita kukafuna ukonde msodzi atavuula kale."

2. Mwini ukonde apezeka

Loweruka m'mawa agogo anapita naye ku mitengo ija.

"Tsata ulusi uwo ndi maso ako mpaka pamene wathera," anatero agogo.

Mtsikanayo anautsata mpaka pa nthambi ya mthethe. Anaona khungwa, minga, ndi kamfundo kamodzi ka mtengo.

"Palibe kanthu, agogo. Pali kamfundo kokha."

"Kuona maso a nkhono n'kudekha. Yang'ananso."

Agogo anatenga kaudzu kautali n'kukhudza kamfundo kaja pang'ono. Kamfundo kanatulutsa mwendo umodzi, kenaka wina. Kanasuntha pang'ono, n'kupindanso miyendo, n'kukhala zii. Mtsikanayo anagwira pakamwa. Kamfundo kaja kanali kangaude amene anamuona usiku uja.

Kangaude ameneyu amachedwa kangaude wa khungwa, cifukwa masana amagona pa khungwa la mtengo ndipo amafanana nalo. Ndi anthu ocepa amene amamudziwa, ngakhale kuti amakhala m'mbali mwa njira zimene anthu amayendamo tsiku ndi tsiku.

3. Thupi la kangaude

Kangaude, amene ena amati tandaude, ndi wosiyana ndi nchenche, njuci kapena ciwala. Tizirombo timeneti tili ndi miyendo isanu ndi umodzi (6), ndipo thupi lake lili ndi zigawo zitatu. Kangaude ali ndi miyendo isanu ndi itatu (8), ndipo thupi lake lili ndi zigawo ziwiri. Cigawo cakutsogolo ndi mutu wolumikizana ndi cifuwa, ndipo miyendo yonse imamera pamenepa. Cigawo cakumbuyo ndi mimba. Kangaude alibe mapiko, alibenso tinyanga ta kumutu ngati ta ciwala.

Akangaude ambiri ali ndi maso 8. Komabe amene amaluka maukonde ozungulira saona bwino. Zambiri amazidziwa ndi miyendo yawo, imene imamva kugwedezeka kulikonse, ngakhale kocepa kwambiri.

Kumapeto kwa mimba kuli timawere ting'onoting'ono tomwe timatulutsa ulusi. Ukadali m'thupi ulusiwo umakhala wamadzimadzi ngati utomoni. Umauma ndi kulimba pamene kangaude akuukoka. Kangaude mmodzi yemweyo amatulutsa ulusi wa mitundu ingapo: wouma ndi wolimba womangira, womata wokolera tizirombo, wokulungira cakudya, ndi wofunditsira mazira.

Pofika caka ca 2022 akatswiri anali atalemba maina a mitundu ya akangaude yokwana 50,000 pa dziko lonse. Mwa mitundu imeneyi, yoposa 3,000 ndi ya banja lochedwa Araneidae, la akangaude oluka maukonde ozungulira. Kangaude wa khungwa ndi wa banja limeneli.

4. Mmene ukonde umalukidwira

Madzulo a Loweruka lomwelo agogo ndi mdzukulu wawo anayala mphasa pafupi ndi mitengo ija n'kudikira. Mdima utayamba, kangaude anatambasula miyendo, anakwera pa ulusi uja n'kuyamba nchito. Mtundu uliwonse uli ndi kacitidwe kake, koma akangaude a banja ili amatsata njira yofanana.

Coyamba ndi mlatho. Kangaude alibe mapiko, nanga amawoloka bwanji kucokera pa mtengo wina kupita pa wina? Amakwera pa nthambi ya m'mwamba, amatukula mimba, n'kutulutsa ulusi. Kamphepo kamautenga ulusiwo mpaka nsonga yake itakamatirira pa mtengo wina. Kangaude amaukoka kuti amve ngati wagwira. Ukagwira amayendapo n'kuonjezera ulusi wina kuti mlatho ulimbe. Ulusi umodzi umene ana a sukulu aja anauona unali mlatho. Kangaude wa khungwa kawirikawiri amausiya m'mawa kuti adzaugwiritsenso nchito madzulo.

Caciwiri ndi malire. Kucokera pa mlatho kangaude amatsika ndi ulusi wina n'kukaumanga pa tsamba kapena pa udzu. Amamanganso wina m'mbali. Umu ndi mmene ukonde umapezera pogwira, ngati nyumba imene yazikidwa nsanamira.

Cacitatu ndi masipoko. Kucokera pakati, kangaude amakoka ulusi kupita m'malire, n'kubwerera pakati, n'kukokanso wina, mpaka mbali zonse zitakwana. Apa ukonde umaoneka ngati gudumu la njinga. Masipoko onse ndi a ulusi wouma.

Cacinayi ndi makwerero. Kangaude amayambira pakati n'kumazungulira kupita kunja, akuika ulusi wouma motalikirana. Ulusi umenewu ndi wongoyembekezera. Nchito yake ndi kugwira masipoko ndi kupatsa kangaude popondera.

Cacisanu ndi msampha weniweni. Tsopano kangaude amayambira kunja n'kumazungulira kubwerera pakati. Amaika ulusi womata, n'kumacotsa wa makwerero uja. Pa ulusi womata pali timadontho tambirimbiri tonga ulimbo umene anyamata amakolera mbalame. Mpata wa pakati pa mzere ndi mzere kangaude amauyesa ndi miyendo yake, cifukwa amagwira nchitoyi mumdima.

Nchito yonse imatenga pafupifupi ola limodzi. Palibe amene amaphunzitsa kangaude kuluka. Kamwana kake kamaluka ukonde wake woyamba kokha, waung'ono koma wokwanira.

Akamaliza, kangaude amakhala pakati ali cozondoka, miyendo ili pa masipoko. Kacirombo kakakodwa, masipoko amagwedezeka, ndipo iye amadziwa mbali imene kali. Zili ngati msodzi wa mbedza amene amamva nsomba pa cingwe asanaione. Kangaude amathamangira komweko, amakaluma n'kukalowetsa ululu, ndipo amakakulunga ndi ulusi. Kangaude sameza cakudya colimba. Amathira malovu amene amasungunula mnofu wa kacirombo, kenaka amayamwa.

Mtsikana uja anafunsa kuti, "Agogo, nanga bwanji iye sakodwa mu ukonde wake?"

"Ine unandionapo nditakodwa mu wanga?" anayankha agogo akuseka.

Yankho lake ndi lakuti kangaude amakonda kuyenda pa masipoko, pamene palibe ulimbo. Pamene ayenera kugwira ulusi womata, amaugwira ndi tizikhadabo ndi tiubweya ta kunsonga kwa miyendo, ndipo amacotsa mwendo mosamala.

5. Cifukwa cake amapasula ukonde

Kunja kukayamba kuyera, kangaude wa khungwa amadula masipoko, amasonkhanitsa ulusi ndi miyendo, amauumba kampira, n'kuudya. Kodi n'cifukwa ciyani amapasula nchito imene anaivutikira?

Cifukwa coyamba n'cakuti ukonde sukhalitsa. Usiku umodzi wokha tizirombo timaung'amba, fumbi limamatirira pa ulimbo, ndipo sukolanso bwino.

Cifukwa caciwiri n'cakuti ulusi ndi wamtengo wapatali kwa kangaude. Umapangidwa ndi zinthu zomanga thupi zochedwa mapuloteni, zimene iye amazipeza m'cakudya cake. Akadya ukonde wakale, thupi lake limagwiritsanso nchito zinthuzo popanga ulusi watsopano. Pamodzi ndi ulusiwo amadyanso tizirombo ting'onoting'ono timene tinakodwa usiku koma iye sanativutikire.

Cifukwa cacitatu ndi adani. Masana mbalame ndi abuluzi zimasaka cakudya. Palinso mavu aja amene amamanga tizipinda ta dothi pa zipupa za nyumba. Mavu amenewa amaluma kangaude kuti afooke, amamunyamula, amamutsekera m'kacipinda ka dothi n'kuikira dzira. Dzira likaswa, mphutsi imadya kangaudeyo. Munthu akaphwanya kacipinda kakale ka mavuwa, nthawi zambiri amapezamo miyendo ndi zikamba za akangaude. Ukonde waukulu wosiyidwa masana ungasonyeze adani pamene pali mwini wake.

N'cifukwa cake kangaudeyu amabisala. Sakumba una, salowa m'mphako. Amakhala poyera pa nthambi, koma thupi lake ndilo limamubisa. Msana wake ndi wotuwa kapena wofiirira, wamawangamawanga ngati khungwa lomera ndere. Pamimba pake pali timatupsa ndi tinyanga tofanana ndi minga yothyoka kapena mfundo ya mtengo. Miyendo yake ndi yophwatalala. Akaipinda n'kuimata pathupi, palibe cimene cimaoneka ngati mwendo. Amakhala osagwedezeka mpaka dzuwa litalowa.

Amene amaluka ukonde waukulu ndi wamkazi. Thupi lake, osawerengera miyendo, limatalika masentimita pafupifupi 2, ndipo ukonde wake ungapose mita imodzi m'mimba mwake. Wamwamuna ndi wamng'ono kwambiri, moti munthu angamuyese mwana. Wamkazi amaikira mazira ambiri n'kuwafunditsa ndi kathumba ka ulusi. Ana akaswa amakwera pamwamba, amatulutsa ulusi, ndipo mphepo imawanyamula kupita nawo kwina. Pokula amafundula khungu kangapo monga imacitira njoka.

Pali akangaude enanso a maukonde ozungulira amene amaoneka m'minda ndi m'chire. Wina ndi wamkulu, wa miyendo yaitali, ndipo ulusi wake ndi wacikasu. Wina ndi wamng'ono, wa msana wolimba wokhala ndi minga m'mbali. Awiriwa amakhala pa maukonde awo masana, ndipo aliyense amawadziwa. Wa khungwa yekha ndiye amafuna maso odekha.

6. Dzina lake m'mabuku, ndi abale ake

Camoyo ciliconse cimene akatswiri acilemba cimapatsidwa dzina la Cilatini, kuti anthu a zilankhulo zonse azimvana. Dzinalo limakhala ndi mawu awiri. Loyamba ndi la gulu, laciwiri ndi la mtundu, monga mmene munthu amakhalira ndi mfunda ndi dzina lake.

Gulu la akangaude a khungwa limachedwa Caerostris. Anapereka dzinali ndi Tamerlan Thorell wa ku Sweden m'caka ca 1868. Ndi gulu laling'ono, la mitundu pafupifupi 20. Yambiri imapezeka mu Afirika ndi pa cilumba ca Madagascar, ndipo yocepa ku Asia. Mtundu wofala kum'mawa ndi kum'mwera kwa Afirika ndi Caerostris sexcuspidata. Mawu aciwiriwo amatanthauza "wa nsonga zisanu ndi imodzi". Anaulemba koyamba ndi Fabricius wa ku Denmark m'caka ca 1793.

Mtundu wochuka kwambiri uli ku Madagascar, cilumba cacikulu ca kum'mawa kwa Moçambique. Pamene nyanja ya mcere ili yopapatiza kwambiri, pakati pa maiko awiriwa pali makilomita oposa 400 pang'ono. M'caka ca 2010 akatswiri awiri, Matjaž Kuntner wa ku Slovenia ndi Ingi Agnarsson wa ku Iceland, analemba za kangaude wa khungwa amene amachera ukonde wake pamwamba pa mitsinje. Anamucha Caerostris darwini, pokumbukira Charles Darwin, katswiri wa zamoyo wa ku England.

Kangaude ameneyu amaima pa mtengo wa tsidya lino n'kutulutsa ulusi wambiri, ndipo mphepo imauwolotsa mtsinje. Mlatho wake ungatalike mpaka mamita 25. Ukonde umalendewera pamwamba pa madzi, ndipo ungakule kuposa citseko ca nyumba. Umakola tizirombo timene timaswa m'madzi n'kuuluka. Akatswiri atayesa ulusi wake anapeza kuti umapirira kukokedwa kuposa Kevlar kopitirira kakhumi. Kevlar ndi ulusi wopangidwa m'fakitale umene amasokera malaya ochinga zipolopolo.

M'caka ca 2015 katswiri wina wa ku Slovenia, Matjaž Gregorič, pamodzi ndi anzake, analemba mitundu inanso ya gulu limeneli. Umodzi mwa iyo unapezeka m'dziko la Moçambique. Anaucha Caerostris linnaeus, pokumbukira Carl Linnaeus wa ku Sweden, amene anakhazikitsa kachulidwe ka maina awiri kaja.

Akangaude amenewa sanali atsopano m'chire. Anali momwemo kuyambira kalekale, akuluka madzulo ndi kudya tizirombo. Anali atsopano m'mabuku mokha. Camoyo cimene cimagwira nchito usiku n'kusanduka mfundo ya mtengo masana cimacedwa kudziwika, ngakhale kwa anthu ophunzira kwambiri. Msodzi amene amadutsa pa njira imodzimodzi madzulo ndi m'bandakuca angacidziwe asanacidziwe iwo.

7. Kangaude ndi anthu a m'mbali mwa nyanja

Nyanja ya Amaramba ndi yosaya, ndipo m'mbali mwake muli bango ndi madambo. Kum'mwera imalumikizana ndi nyanja ya Chiuta, imene ili m'malire a Moçambique ndi Malawi. Kumpoto madzi ake amatuluka mu mtsinje wa Lugenda, umene umakathira mu Rovuma. M'madzi odekha ngati amenewa mumaswa tizirombo tambiri touluka, makamaka nthawi ya dzinja. N'cifukwa cake mitengo ya m'mbali mwa nyanja ndi malo abwino kwa akangaude.

Usiku uliwonse maukonde awo amakola agulugufe a usiku, tizikumbu, inswa ndi udzudzu. Ena mwa agulugufe a usiku ndiwo amaikira mazira amene amaswa mbozi zodya cimanga ndi masamba. Akangaude sangathe kumaliza tizirombo tonse. Sangalowe m'malo mwa ukonde wogonamo wochinjiriza ku udzudzu. Koma amacepetsako, ndipo salipiritsa munthu.

Kangaude wa khungwa si woopsa kwa munthu. Ululu wake ndi wophera tizirombo, ndipo akasokonezedwa amathawa kapena amadzigwetsa pansi ndi ulusi. Ngakhale zili conco, mwana asagwire kangaude aliyense ndi manja, cifukwa ilipo mitundu ina ya ululu woopsa. Umodzi ndi wa mimba yobulungira yokhala ndi banga lofiira kunsi kwake, umene umakonda malo amdima monga pansi pa mipando ndi m'zimbudzi. Munthu akalumidwa n'kuyamba kumva kupweteka kwambiri, kutuluka thukuta kapena kukokana kwa minofu, apite naye kucipatala msanga.

Zinthu ziwiri zimaononga akangaude a khungwa. Coyamba ndi moto wa m'chire. Kuyambira mwezi wa Ogasiti mpaka Okutobala anthu amatentha chire posaka mbewa ndi pososa minda. Mbalame imauluka, kalulu amathawa, koma kangaude ndi mazira ake amapsera pa nthambi pomwepo. Caciwiri ndi kudula mitengo yowambira nsomba ndi yootcha makala. Kangaudeyu amafuna mitengo iwiri yoyandikana kuti amange mlatho. Umodzi ukadulidwa, wotsalawo sumuthandiza.

8. Kalasi yonse ipita kukaona

Lolemba mtsikana uja anafotokozera aphunzitsi zimene anaona. Ana ena anayambanso kuseka, koma aphunzitsi anawaletsa.

"Nkhani ngati iyi sitsutsidwa ndi pakamwa," anatero aphunzitsi. "Inu munapita nthawi yanji?"

"Nthawi yopuma, aphunzitsi."

"Nanga iye anaona nthawi yanji?"

"Usiku."

"Ndiye kuti simunayang'ane cinthu cimodzi. Mupemphe makolo anu kuti Lacisanu madzulo tidzakumane pa mkuyu."

Lacisanu ana ambiri anabwera, ena ndi amayi awo. Dzuwa lisanalowe agogo anawauza kuti afune kangaude pa nthambi ya mthethe. Anafuna nthawi yaitali osamupeza, mpaka mtsikana uja analoza ndi kaudzu. Kenaka onse anakhala pansi mwakacetecete. Mdima utayamba, kamfundo kanatambasula miyendo n'kukwera pa mlatho. Aphunzitsi anayang'ana nthawi pamene kangaude anayamba ndi pamene anamaliza, n'kulemba m'kope. Atayatsa nyali, ukonde wonse unawala pamwamba pa njira.

Mnyamata amene anayambitsa dzina la Nabodza anakhala cete kwa nthawi. Kenaka anati, "Pepa mnzanga. Sunaname."

Pobwerera iye anayenda pafupi ndi agogo aja.

"Agogo, akulu anga amafuna kudula mthethe uja mawa kuti awambire milamba."

"Ukawauze kuti pa mtengo umenewo pali msodzi mnzawo," anayankha agogo. "Kuseri kwa nyumba yanga kuli mtengo wa mango umene unagwa ndi mphepo. Abwere ndi nkhwangwa adzatenge umenewo."

Mawu a m'phunziroli m'Cipwitikizi

kangaude: aranha
ukonde wa kangaude: teia de aranha
ulusi: fio
khungwa: casca
ululu: veneno
mlatho: ponte
mtundu wa camoyo: espécie

Mafunso

1. N'cifukwa ciyani ana asanu aja sanapeze ukonde pa nthawi yopuma?
2. Chulani zinthu zitatu zimene zimasiyanitsa kangaude ndi ciwala.
3. Kangaude alibe mapiko. Kodi amamanga bwanji mlatho pakati pa mitengo iwiri?
4. Ndi ulusi uti wa pa ukonde umene uli womata, ndipo ndi uti umene uli wouma?
5. Fotokozani zifukwa zitatu zimene kangaude wa khungwa amapasulira ukonde wake m'mawa.
6. Kodi Caerostris darwini amapezeka kuti, ndipo amachera ukonde wake pati?
7. Ndi mtundu uti wa kangaude wa khungwa umene unapezeka m'dziko la Moçambique? Unalembedwa m'caka citi?
8. Agogo anati, "Kuona maso a nkhono n'kudekha." Kodi mwambiwu ukugwirizana bwanji ndi nkhaniyi?
9. Aphunzitsi anati ana aja sanayang'ane cinthu cimodzi ndi mtsikana uja. Ankatanthauza ciyani?

Nchito

1. Jambulani ukonde wozungulira m'kope mwanu. Lembani maina awa pamalo pake: mlatho, malire, masipoko, ulusi womata.
2. M'magulu a anthu anayi, tengani timitengo titatu ndi luzi kapena ulusi wa thumba. Mangani timitengoto mopingasa kuti tikhale masipoko, kenaka lukani kuyambira kunja kupita pakati.
3. Masana, funani ulusi umodzi wautali pakati pa mitengo iwiri pafupi ndi kwanu. Utsateni ndi maso mpaka pa nthambi. Musagwire ciliconse ndi manja. Madzulo mubwererenso pamalopo ndi munthu wamkulu. Lembani tsiku, nthawi, dzina la mtengo, ndi zimene mwaona.
4. Funsani agogo anu maina a akangaude amene amawadziwa m'cilankhulo ca kwanu. Mubweretse mainawo kusukulu kuti alembedwe pa bolodi.